Makamera opanda kalilole: mafunso ofunika kufunsa ndalama isanatuluke m'thumba

M'dera la mfumu yaikulu Ngokwe, kufupi ndi nyanja ya Chiuta m'boma la Machinga, wojambula zithunzi sasowa ntchito. Kuli maukwati ndi zinkhoswe, tsiku lotuluka ana kundagala, chisangalalo cha Idi, zochitika za kutchalitchi, mpira wa pasukulu ndi misonkhano ya mabungwe. Mafoni amajambula ndithu, koma mwini ukwati amafunabe munthu wa kamera amene adzamupatse zithunzi zoti apachike pakhoma.

Amene akufuna kuyamba ntchitoyi kawirikawiri amagula kamera yogwirapo kale ntchito ku Limbe kapena ku Lilongwe, ena amatumiziridwa ndi m'bale wa ku Joni. Masiku ano ogulitsa akuchemerera kwambiri makamera amene amawatcha mirrorless, kutanthauza opanda kalilole, ati ndi aang'ono, opepuka ndiponso amakono. Zambiri mwa izi ndi zoona. Koma pali chinthu chimodzi chimene chimaliza anthu: kamera yafika, lenzi yafika, koma ziwirizi sizikulowana. Tiyeni tiyankhe mafunso amene wogula aliyense ayenera kukhala nawo.

Funso: Kodi kamera yopanda kalilole ndi yotani, ndipo ikusiyana bwanji ndi makamera aakulu amene tidazolowera?

Yankho: Makamera akuda aakulu a Canon ndi Nikon amene timawaona m'maukwati ambiri amatchedwa DSLR. Mukachotsa lenzi n'kusuzumira mkati mwake, muona kalilole wamng'ono wopendekeka. Kuwala kukalowa pa lenzi kumagunda kaliloleyo n'kukwera m'mwamba mpaka pa kazenera kamene wojambula amaikapo diso. Mukadina batani, kalilole amatukuka msangamsanga kuti kuwala kudutse kukafika pa sensa, kachipangizo kamene kamagwira chithunzi. Kaphokoso koti khwa kamene mumamva, mbali yake ina ndi kaliloleyo.

Mu kamera ya mirrorless kaliloleyo mulibe. Kuwala kumapita molunjika pa sensa, ndipo zimene sensa ikuona zimaonekera pa sikirini ya kumbuyo kapena pa kasikirini kakang'ono ka mkati mwa posuzumira. Phindu lake ndi lakuti mumaona chithunzi momwe chitulukire musanadine: ngati chili chakuda kapena chowala mopyola, mukonzeratu. Kwa wophunzira, ichi chimafupikitsa ulendo. Lenzi imachotsedwa ndi kusinthidwa monga pa DSLR pomwe.

Funso: Makamera amenewa adayamba liti, ndipo amapanga ndani?

Yankho: M'chaka cha 2008 makampani awiri a ku Japan, Olympus ndi Panasonic, adagwirizana za mtundu watsopano wotchedwa Micro Four Thirds, ndipo chaka chomwecho Panasonic idatulutsa Lumix G1. Olympus idatsatira ndi PEN E-P1 mu 2009. Sony idabwera ndi NEX-3 ndi NEX-5 mu 2010, chaka chomwe Samsung idatulutsanso NX10. Nikon 1 idabwera mu 2011, kenako Fujifilm X-Pro1 ndi Canon EOS M mu 2012.

Zinthu zidasintha kwambiri mu 2013 pamene Sony idatulutsa a7, kamera yaing'ono yokhala ndi sensa yaikulu ngati ya makamera a akatswiri. Canon ndi Nikon adayankha mu 2018, wina ndi EOS R, wina ndi Z6 ndi Z7. Kuchokera pamenepo makampani awiriwa adaika mphamvu zawo pa makamera opanda kalilole, ndipo malenzi awo atsopano akupangira amenewa. Pentax ndiye idakakamirabe pa DSLR. Mbiriyi ndi yofunika kwa wogula chifukwa pa msika wa zinthu zakale mitundu yonseyi ili pamodzi, yamoyo ndi yakufa yomwe, ndipo wogulitsa sakusiyanitsirani.

Funso: N'zoona kuti ndi aang'ono komanso opepuka?

Yankho: Kamera payokha, inde. Kuchotsa kalilole ndi chipinda chake kudapangitsa kuti kamera ikhale yopyapyala. Sony a6000 ya mu 2014 imalemera magalamu 344 pamodzi ndi batire, ndipo mukaikapo lenzi yake ya 16-50mm zonse sizikwana theka la kilogalamu. Canon EOS R50 imalemera magalamu 375. Panasonic GM1 ya mu 2013 idangopitirira pang'ono magalamu 200. Yerekezani ndi Canon 5D Mark IV, DSLR ya akatswiri, imene imayandikira magalamu 900 musanaikepo lenzi.

Koma musathamange. Ma DSLR a oyamba kumene si olemera kwambiri. Nikon D3500 imalemera magalamu 415, Canon 2000D magalamu 475. Kusiyana kwake ndi mirrorless yaing'ono ndi kochepa. Komanso mirrorless ya sensa yaikulu ngati Sony a7 III imafika magalamu 650, kuposa ma DSLR awiri atchulidwawa.

Chimene chimalemeretsa chikwama cha wojambula ndi lenzi. Lenzi ya 70-200mm f/2.8, imene ojambula maukwati amailakalaka, imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, kaya ndi ya Canon ya DSLR kaya ndi yoyamba ya Sony ya mirrorless. Galasi lalikulu ndi lalikulu basi, kuchotsa kalilole sikulichepetsa. Choncho ngati mumayenda pa njinga kuchoka ku Ngokwe kukajambula ku Nselema kapena ku Ntaja, funsani kulemera kwa kamera, lenzi, fulashi ndi mabatire zonse pamodzi.

Kamera yochepetsetsa ilinso ndi vuto lake. Pogwirira pamakhala pang'ono, mabatani amathithikana, ndipo mukaikapo lenzi yolemera imagwera kutsogolo, dzanja n'kutopa ukwati usanafike pa perekaniperekani. Iyeseni m'manja musanagule.

Funso: Ndimamva za full-frame, APS-C ndi Micro Four Thirds. Zikutanthauza chiyani?

Yankho: Awa ndi mayina a kukula kwa sensa. Full-frame ndi yaikulu mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, chimodzimodzi chithunzi chimodzi cha pa filimu imene ojambula akale ankakatsukitsa. APS-C ndi yocheperako, pafupifupi mamilimita 23.5 ndi 15.6, ndipo ya Canon ndi yochepa pang'ono kuposa apa. Micro Four Thirds ndi mamilimita 17.3 ndi 13.

Sensa yaikulu imatola kuwala kochuluka, motero imachita bwino mumdima, monga m'holo yopanda mazenera okwanira kapena kunja dzuwa litalowa. Imathandizanso kuti munthu aoneke bwino pamene za kumbuyo kwake zafufutika. Koma imafuna malenzi aakulu, olemera ndi odula. Sensa yaing'ono imafuna malenzi aang'ono ndi otsika mtengo.

Sensa yaing'ono imaonanso mbali yapakati yokha ya zimene lenzi ikubweretsa, ndiye zinthu zimaoneka ngati zayandikira. Lenzi ya 50mm pa APS-C imaona ngati 75mm, pa Canon ngati 80mm, ndipo pa Micro Four Thirds ngati 100mm. Izi n'zabwino pojambula chinthu chakutali, koma n'zovuta pamene mukufuna kulowetsa banja lonse la akuchimuna ndi akuchikazi m'chithunzi chimodzi muli m'chipinda chopanikiza. Kwa munthu woyamba ntchito, APS-C ndi yokwanira bwino lomwe, ndipo zithunzi zake zimasindikizika zazikulu popanda vuto.

Funso: Ndili ndi lenzi ya Canon. Ndiye kuti ilowa pa kamera iliyonse ya Canon?

Yankho: Ayi, ndipo apa m'pamene ambiri amataya ndalama. Pakamwa pa kamera pali mphete yachitsulo yokhala ndi timano ndi titsulo tating'ono tolumikiza magetsi. Ojambula amaitcha mount. Lenzi ilinso ndi yake kumbuyo, ndipo ziwirizi ziyenera kufanana. Zili ngati poto ndi chivundikiro: kugula m'sitolo imodzi sikutanthauza kuti zivundikirana. Kampani imodzi imatha kukhala ndi mitundu itatu kapena inayi ya mount.

Canon ili ndi EF, imene idayamba mu 1987, ndi EF-S, zonse za DSLR. Ili ndi EF-M ya makamera a EOS M monga M50. Ilinso ndi RF ndi RF-S za makamera a EOS R. Lenzi ya RF siilowa pa DSLR. Lenzi ya EF-M siilowa pa EOS R. Lenzi ya RF siilowa pa M50. Lenzi ya EF kapena EF-S imagwira pa EOS R ndi pa EOS M pomwe, koma podzera pa adaputala, ndipo adaputala ya R ndi yosiyana ndi ya M.

Nikon ili ndi F, imene yakhalapo kuyambira mu 1959, ya ma DSLR. Ili ndi Z ya makamera atsopano, ndipo malenzi ake amalembedwa NIKKOR Z. Idalinso ndi malenzi olembedwa 1 NIKKOR a makamera a Nikon 1, amene salowa pa F kapena pa Z.

Sony ili ndi E ya mirrorless, ndi A imene idatengera ku Minolta. Yang'anani nambala ya lenzi: ikayamba ndi SEL ndi ya E, ikayamba ndi SAL ndi ya A. Malenzi olembedwa FE ndi a mount ya E yomweyo, kungoti adapangidwira full-frame, ndipo amagwira bwinobwino pa a6000 ndi anzake.

Fujifilm ili ndi X, ya malenzi olembedwa XF kapena XC. Olembedwa GF ndi a makamera ake aakulu a GFX. Panasonic ili ndi Lumix G, imene ndi Micro Four Thirds, ndi Lumix S, imene mount yake ndi L, ndipo ziwirizi sizibwerekana malenzi. Chosangalatsa n'chakuti lenzi ya Olympus yolembedwa M.Zuiko imalowa pa Lumix G, ya Lumix G imalowanso pa Olympus, popanda adaputala. Makamera a Olympus tsopano amatuluka ndi dzina la OM System, kampaniyo itagulitsa gawo lake la makamera kumayambiriro kwa 2021.

Malenzi a Sigma, Tamron, Viltrox, Samyang ndi Yongnuo amapangidwa m'mitundu ingapo. Lenzi imodzimodzi ya Sigma ili ndi ya Canon, ya Nikon ndi ya Sony. Wogulitsa akangoti ndi Sigma, mufunseni kuti ndi ya mount iti.

Funso: N'chifukwa chiyani malenzi akale amagwira pa makamera atsopano, pamene atsopano sagwira pa akale?

Yankho: Nkhani yagona pa mtunda wa pakati pa mphete ija ndi sensa. Lenzi iliyonse idapangidwa kuti ikhale pa mtunda wakutiwakuti kuchokera pa sensa, ndipo ikasuntha chithunzi sichigwira fokasi. Pa DSLR mtundawu ndi wautali chifukwa kalilole amafuna malo otukukira: mamilimita 44 pa Canon EF, mamilimita 46.5 pa Nikon F. Pa mirrorless ndi waufupi: 20 pa Canon RF, 18 pa Sony E ndi pa Canon EF-M, 17.7 pa Fujifilm X, 16 pa Nikon Z.

Tsono lenzi ya EF imafuna kukhala pa mamilimita 44, koma kamera ya RF ili ndi 20 okha. Mwatsala mpata wa mamilimita 24, ndipo adaputala ndi chitsulo chobowoka chimene chimadzaza mpata umenewu, lenzi n'kukhala pamalo pake penipeni. Pa Nikon mpatawo ndi mamilimita 30.5. Koma mukatembenuza sizitheka. Lenzi ya RF imafuna kuyandikira sensa mpaka mamilimita 20, pamene pa DSLR malo amenewo muli kalilole. Kutalikitsa n'kotheka, kufupikitsa n'kosatheka. N'chifukwa chake lenzi ya EF-M, ya mamilimita 18, siingakhale pa kamera ya RF ya mamilimita 20.

Lamulo lomweli likutanthauza kuti malenzi a makamera a filimu, a Pentax, Minolta, Olympus OM, Canon FD ndi aja opotokola a M42 a makamera a Zenit ndi Praktica, amatha kugwiranso ntchito pa mirrorless ndi adaputala yotsika mtengo. Ngati agogo kapena amalume amene adali ojambula adasiya kamera ya filimu m'sutikesi, musataye lenzi yake. Fokasi muzipotokola nokha ndi dzanja, koma makamera ambiri opanda kalilole amakuthandizani poonetsa timizere tamtundu pamalo pamene pagwira fokasi.

Funso: Adaputala ndi yodalirika pa ntchito ya ndalama?

Yankho: Zimatengera kuti mukulumikiza chiyani ndi chiyani. Lenzi ya Canon EF pa kamera ya Canon EOS R, ndi adaputala ya EF-EOS R, imagwira ngati idabadwira pomwepo: imadzifokasa yokha, bowo lolowetsa kuwala limamvera kamera, ndipo chithunzi sichiwonongeka chifukwa mu adaputala wambayi mulibe galasi. Pa Nikon, adaputala ya FTZ imagwira bwino ndi malenzi olembedwa AF-S ndi AF-P. Koma malenzi akale olembedwa AF kapena AF-D, amene ankayendetsedwa ndi kainjini ka mu kamera, sadzifokasa okha pa FTZ.

Mukadumphitsa makampani, monga lenzi ya Canon pa kamera ya Sony ndi adaputala ya Sigma MC-11 kapena ya Metabones, zimagwira koma si nthawi zonse mofanana. Malenzi ena amachedwa kupeza fokasi, makamaka mumdima ndi pojambula vidiyo, ndipo makamera akale ndiwo amavutika kwambiri. Mkwatibwi akulowa m'holo akuvina sadikira lenzi yanu. Pa ntchito yotere gwiritsani lenzi ndi kamera za banja limodzi.

Samalaninso ndi maadaputala otchipa opanda titsulo ta magetsi. Ndi abwino ku malenzi a filimu, amene ali ndi mphete yotsegulira bowo ndi dzanja. Koma lenzi ya Canon EF ilibe mphete imeneyo, imadalira magetsi a kamera, ndiye pa adaputala yotere bowo lake simungalisinthe. Dziwaninso kuti adaputala imabwezera utali ndi kulemera: ya Canon imawonjezera magalamu 110. Lenzi ya DSLR pa mirrorless imachititsa kuti kamera yaing'ono ija isakhalenso yaing'ono.

Funso: Ndili kale ndi DSLR ndi malenzi awiri. Ndigulitse zonse?

Yankho: Ngati ikugwira ntchito ndipo makasitomala akukhutira, musafulumire. DSLR siidaleke kujambula bwino chifukwa kwabwera mtundu wina. Ndipotu pamene ojambula a kumayiko ena akusamukira ku mirrorless, malenzi abwino a EF ndi F akuchuluka pa msika wa zinthu zakale, zimene zikupatsa mwayi wojambula wa m'thumba mochepa.

Tsiku losintha likadzafika, sungani malenzi. Wa Canon atenge EOS R ndi adaputala, wa Nikon atenge Z ndi FTZ. Mabatire ena amawoloka nawo: LP-E17 la Canon 250D kapena 800D limalowa mu R50, R100 ndi R10, la mtundu wa LP-E6 la 6D kapena 80D limalowa mu EOS R, ndipo EN-EL15 la Nikon D7200 kapena D750 limalowa mu Z5 ndi Z6. Zifukwa zomveka zosinthira ndi zitatu: mukufuna kujambula vidiyo kwambiri, mukufuna fokasi yotsata maso a munthu yokha, kapena mukufuna kujambula mwakachetechete. Makamera ambiri atsopano amajambula osatulutsa phokoso, zimene zimathandiza pa nthawi ya mapemphero, mutapempha kaye chilolezo kwa akuluakulu a mzikiti kapena a tchalitchi. Si onse amene amatero: a6000, mwachitsanzo, ilibe zimenezi.

Funso: Ndapeza kamera yaing'ono yokongola pa mtengo wotsika kwambiri. Pali msampha?

Yankho: Onani kaye ngati banja lake lidakali moyo. Nikon idasiya Nikon 1 mu 2018. Samsung idachoka pa msika wa makamera a NX, ndipo kamera yake yomaliza ya mtunduwu idatuluka mu 2015. Canon idasiya EOS M mu 2023. Makamera amenewa amajambula ndithu, koma kampani siikupanganso malenzi ake, ndipo tsiku limene lenzi idzagwa kapena chaja idzapsa mudzayenda mtunda wautali kusaka ina.

Pa atatuwa, EOS M ndiyo yabwinoko chifukwa ndi adaputala ya EF-EOS M mumagwiritsa malenzi a EF ndi EF-S, amene ndi osavuta kuwapeza, ndipo malenzi omwewo mudzapita nawo ku EOS R mtsogolo. Mukagula M50, musaunjike malenzi a EF-M, gulani a EF. Nikon 1 ndi Samsung NX ndi zabwino pojambula za pakhomo, koma si zomangirapo bizinesi.

Funso: Ndikufuna kuyamba kujambula maukwati ndi zinkhoswe. Ndiyambe ndi malenzi ati?

Yankho: Awiri ndi okwanira. Yoyamba ndi imene imabwera ndi kamera, monga 16-50mm pa Sony ndi Nikon Z, kapena 18-45mm pa Canon R. Ndi yopepuka, imalowetsa gulu lonse, ndipo masana panja imagwira ntchito yabwino. Kufooka kwake ndi mumdima, chifukwa bowo lake silitseguka kwambiri.

Yachiwiri ikhale lenzi yosakoka ya 35mm kapena 50mm yolembedwa f/1.8. Nambala ya pambuyo pa f ikachepa, ndiye kuti lenzi imalowetsa kuwala kochuluka. Lenzi ya f/1.8 imalowetsa kuwala kopitirira kasanu ndi katatu poyerekeza ndi ya f/5.6. Imeneyi ndiyo imatulutsa zithunzi za mkwati ndi mkwatibwi zimene foni siingafanane nazo, ndipo mwa malenzi onse ili m'gulu la otsika mtengo.

Fulashi nayo ili ndi banja. Za Godox, mwachitsanzo, zimathera ndi chilembo: C ndi ya Canon, N ya Nikon, S ya Sony, F ya Fujifilm, O ya Olympus ndi Panasonic. Makamera ena aang'ono kwambiri alibe pokhazika fulashi pamwamba, ena alibe posuzumira. Pa dzuwa la mwezi wa Okutobala sikirini ya kumbuyo siioneka bwino, choncho kamera yokhala ndi posuzumira ndiyo yoyenera kuno.

Funso: Nanga wofuna kujambula nyama ndi mbalame?

Yankho: Machinga ndi Balaka ali ndi mwayi umenewu pakhomo. Nkhalango yotetezedwa ya Liwonde, imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa mogwirizana ndi boma kuyambira mu 2015, ili ndi njovu, mvuu ndi ng'ona m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Mikango idabwezeretsedwamo mu 2018, ndipo zipembere 17 zidabwera kuchokera ku South Africa mu 2019. Ku Chiuta ndi ku Chilwa kuli mbalame za m'madzi, asodzi m'mabwato ndi minda ya mpunga.

Nyama siiyandikiridwa, ndiye pamafunika lenzi yokoka patali, ndipo apa sensa yaing'ono imapambana. Lenzi ya Panasonic ya 100-300mm pa Micro Four Thirds imaona ngati 200-600mm, koma imalemera magalamu 520 okha. Lenzi ya Sony ya 200-600mm ya full-frame imapitirira makilogalamu awiri. Yaikuluyo imachita bwino kuwala kukachepa, koma mtengo ndi kulemera kwake n'kwina. Kwa woperekeza alendo m'nkhalango kapena wophunzira amene amakonda zachilengedwe, yaing'onoyo ndi imene angathe kuigula ndi kuinyamula tsiku lonse.

Funso: Kwathu magetsi a ESCOM sadafike. Batire limakhala nthawi yaitali bwanji?

Yankho: Apa DSLR ndiyo imapambana. Mirrorless imadya moto nthawi yonse imene yayaka, chifukwa sensa ndi sikirini zimagwira ntchito ngakhale musakujambula. Malinga ndi muyeso umene makampani amagwiritsa ntchito, Nikon D3500 imajambula zithunzi 1,550 pa batire limodzi, pamene Sony a6000 imajambula 360. Makamera atsopano a mabatire aakulu asinthako: a7 III imafika 710. Ukwati wa tsiku lonse ndi mirrorless yaing'ono umafuna mabatire atatu kapena anayi, ndipo mtengo wake muuwerengeretu.

Ubwino wake ndi wakuti makamera ambiri opanda kalilole amatchajidwa ndi chingwe cha USB ngati foni, ndiye sola ya pakhomo kapena pawabanki imakwanira. Ena, makamaka a Canon, amafuna pawabanki ya mtundu wa USB-C PD, wamba saimva. Funsani zimenezi musanagule. Chaja yapadera ya USB yolowa mabatire awiri imathandiza kuti ena azitchajidwa inu mukujambula. Pa ntchito, zimitsani kamera pamene simukujambula ndipo tsekani Wi-Fi yake.

Funso: Fumbi, kutentha ndi chinyezi za kuno sizingaiwononge?

Yankho: Zingathe, mukapanda kusamala. Pa makamera ambiri opanda kalilole, mukachotsa lenzi sensa imakhala poyera. Fumbi la m'chilimwe likagwerapo, zithunzi zonse zimatuluka ndi timadontho takuda pamalo amodzimodzi, makamaka pa thambo ndi pa zovala zoyera. Sinthirani lenzi m'nyumba kapena mobisalira mphepo, kamera itazimitsidwa ndiponso itayang'ana pansi. Gulani kampira kopemerera mpweya. Musauzire ndi pakamwa, musapukute sensa ndi malaya kapena chitenje.

M'nyengo yadzinja, makamaka kufupi ndi nyanja, mdani ndi chuku. Chimamera mkati mwa lenzi ngati ulusi wa kangaude, ndipo chikakhalitsa chimadya galasi. Sungani kamera ndi malenzi m'chigubu chotseka bwino, muikemo timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato, ndipo muzizitulutsa kawirikawiri. Lenzi imene ikugwira ntchito siichita chuku msanga ngati yongosungidwa.

Kutentha kumavuta pa vidiyo. Makamera aang'ono ena amadzizimitsa akatentha, makamaka pojambula 4K padzuwa, ndipo akale ambiri amaima okha akatsala pang'ono kukwanitsa mphindi 30. Imani pamthunzi, tsegulani sikirini italikane ndi kamera, ndipo jambulani m'zigawozigawo.

Funso: M'bale wanga wa ku Joni akufuna kundigulira. Ndimuuze chiyani?

Yankho: Safunsa adadya phula. Musangoti mundigulire kamera ya Canon. Mulembereni dzina lonse la kamera ndi la lenzi, chilembo ndi chilembo. Asanalipire, akutumizireni pa WhatsApp chithunzi cha kutsogolo kwa kamera pamene pali dzina, cha zolembedwa zozungulira lenzi, ndi cha lenziyo itamangidwa pa kamera. Aone ngati mtengo ukuphatikiza lenzi, chifukwa malonda ambiri amalembedwa kuti body only, kutanthauza kamera yokha.

Ayatse kamera pamaso pa wogulitsa, ajambule chinthu chapafupi ndi chakutali kuti aone ngati ikudzifokasa. Ajambule khoma loyera kuti aone madontho. Aunike mkati mwa lenzi ndi tochi ya foni kusaka chuku ndi mikwingwirima. Afunse chiwerengero cha zithunzi zimene kamerayo yajambula chiyambire. Atenge chaja, mabatire owonjezera, memori khadi, zivundikiro ndi adaputala ngati ikufunika, zonse ulendo umodzi, chifukwa kachinthu kakang'ono kosowa kangakuimitseni ntchito miyezi. Apemphe lisiti yolembedwa nambala ya kamera. Idzathandiza pachipata polipira msonkho wa MRA, komanso ndi umboni wakuti katunduyo si wakuba.

Funso: Pomaliza, ndisankhe iti?

Yankho: Yambirani pa lenzi. Yang'anani malenzi amene muli nawo, amene anzanu ojambula a ku Ntaja, ku Liwonde kapena ku Balaka ali nawo oti mungabwerekane, ndi amene mungawapeze mosavuta yanu ikawonongeka. Kenako sankhani kamera imene malenzi amenewo alowapo. Wokhala ndi malenzi a Canon apite ku EOS R, wa Nikon apite ku Z. Woyamba wopanda kalikonse aganizire Sony E, imene ili ndi malenzi ochuluka a makampani osiyanasiyana, kapena Micro Four Thirds ngati chofunika kwambiri ndi kupepuka. Amene ndalama yamuchepera asachite manyazi ndi DSLR yabwino yogwirapo kale ntchito.

Kamera mudzasintha pakapita zaka, koma lenzi yabwino mudzakhala nayo nthawi yaitali kuposa pamenepo. Musalipire kamera kapena lenzi iliyonse musanadziwe dzina la mount yake ndi kuona ndi maso, kapena pa chithunzi, kuti ziwirizo zalowana.